Nkhope ya Mayi Ancell

Chithunzi cha banja chija anachitsitsa pakhoma pamene Damaris anali kumsika wa nsomba. Pobwera anapeza pamwamba pa mbaula pangotsala msomali ndi chigamba cha khoma choyera kuposa khoma lonse, pamene utsi wa malasha sunafikepo zaka zonsezi. Anaima pakhomo la chipinda chochezera dengu lili m'manja, madzi a nsomba akudonthera pa kapeti. Sanafunse wantchito aliyense, chifukwa anadziwa kale kuti ndi bambo ake.

Kuno ku Norwich, munthu malonda a nsalu zaubweya akangomukomera, choyamba amagula wotchi yaitali yoimika pakona, chachiwiri amaitana wojambula. Ndipo zithunzi zake n'zofanana nyumba zonse. Banja lili pa tebulo la tiyi, m'chipinda chachikulu kuposa chimene ali nacho, zenera likuonetsa munda umene sanaupondemo n'komwe. Cha banja la Ancell chinajambulidwa mu 1747, Damaris ali kamwana koguluka mano. Bambo ake, a Barnaby Ancell, anaimirira kumanzere, dzanja lili m'chikhoti ngati munthu amene sanatukwanepo woomba nsalu. Damaris anakhala pansi atafungatira kagalu. Pakati, pa mpando wofiira, panali amayi ake, a Philippa, atavala diresi la silika wobiriwira, akuthira tiyi koma maso ali kwa iwe woonerera, ngati walowa kumene ndipo akufuna akufunse ngati umwe nawo. Chimwalirireni mayiwo m'chisanu cha chaka chatha, nkhope yawo inatsala pamenepo pokha. Panalibe chithunzi china, ngakhale kakang'ono kovala m'khosi.

Anawapeza bambo ake kumbuyo, m'nyumba yosungira nsalu, akununkhiza mpukutu wina kuti amve ngati wanyowa.

"Bambo, amayi ali kuti?"

"Usamayankhule choncho, anthu angaganize kuti tafukula manda. Chithunzi chapita kwa Tapscott, wojambula uja."

"Kukatsuka?"

A Barnaby anaunkhizanso mpukutu uja, ngakhale anali ataumva kale. "Kukakonza. Akaikapo nkhope ya Lettice."

Lettice Orpin anali msuweni wa malemuwo. Anabwera m'nyumbamo Damaris asanabadwe, kudzathandiza kwa kanthawi, ndipo kanthawiko sikanathe. Ndi amene anawadwazika a Philippa mpaka kuwatseka maso. Tsopano ukwati wake ndi a Barnaby unali utalengezedwa kale m'tchalitchi, ndipo unayenera kuchitika Lenti isanalowe, poti abusa samangitsa ukwati m'nyengo yosala. Damaris analibe naye mlandu weniweni Lettice, ndipo n'zimene zinkamupweteka kwambiri. Anali atanena kale kuti ukwati ukangotha akwera ngolo kupita kwa malume ake ku Hull.

"Si zachilendo," anatero a Barnaby. "A Larwood anachita chimodzimodzi, mpaka kawiri. Mkazi sangamamwe tiyi tsiku lililonse pansi pa maso a mnzake."

"Ndiye bwanji osajambulitsa china?"

"N'kuchipachika pati? Ichi n'kuchiika kuti, kudenga kwa makoswe? Ndikatero anthu anena, ndikachisiya pakhoma anenanso."

Damaris anafuna kulira, koma misozi kwa a Barnaby inali ngati mvula padenga. Anangopempha chinthu chimodzi. Tapscott ayambe wakopera chithunzicho pa chinsalu china, chimene iye adzapite nacho ku Hull, kenako achite zimene akufunazo. Ankayembekezera mkangano, koma bambo ake anavomera msanga mpaka iye anadabwa.

"Akopere. Koma tsiku la ukwati chithunzi chikhale chili pakhoma, Lettice alipo. Osandichititsa manyazi pamaso pa alendo."

Tsiku lomwelo anakwera masitepe opapatiza a kwa Lemuel Tapscott. Mkuluyu ndiye anajambula theka la mabanja a mumzinda uno, ndipo theka linalo limanena kuti ndi bwino kuti anawaphonya. Anali atakalamba, magalasi awiri osanjikiza pamphuno, malaya onse ali utoto wokhawokha. M'chipindamo munkanunkha mafuta osungunulira utoto ndi anyezi. Pakona panakhala chidole chachikulu ngati munthu, chamfundo zathabwa, chimene ankachiveka zovala za anthu aulesi kukhala pansi. Chithunzi chija chinali pafupi ndi zenera atachichotsa mu felemu, ndipo popanda golide wake uja chinaoneka chochepa, chamanyazi.

"Adona aang'ono," anatero Tapscott. "Kodi mukadalumabe anthu? Chala ichi chimakukumbukanitu."

"Ndikufuna mukopere chonse, a Tapscott. Makamaka nkhope. Isasiyane ngakhale pang'ono."

"Kukopera ndiye ntchito yosavuta. Anthu a pachinsalu sayetsemula, safunsa ngati tatsala pang'ono. Pitani kwanu, mudzabwere ndikakuitanani."

Koma Damaris sanali munthu wodikira kuitanidwa. Kunyumba akalowa m'chipinda chochezera, chigamba chija chinkamuthamangitsa. Akatenga zosoka, ulusi unkapotana. Ankalongedza bokosi la ku Hull, n'kumasula, n'kulongedzanso. Kukacha ankapezeka ali pa masitepe a Tapscott nsapato zili matope, mkuluyo asanamalize n'komwe phala lake. Ankaona mizere ya choko ikusanduka tebulo, tebulo likulandira makapu, bambo ake akutuluka pang'onopang'ono m'chifunga cha utoto wotuwa. Ankazungulira chipindacho, kugwira ichi, kusuntha icho, mpaka Tapscott anamuuza kuti ngati sangakhale pansi, bola azipera utoto.

Nkhope anaimaliza sabata isanathe. Anaika zinsalu ziwirizo moyandikana, n'kubwerera m'mbuyo akupukuta manja, akudikira kuyamikiridwa. Ndinene pano kuti ntchito inali yabwino. Aliyense wa mumsewu mwathu akanalowa akanati, a Philippa awo, ndi awonso. Chosiyana chinali chakuti chakale chinali chitada ndi utsi, vanishi atachita chikasu, pomwe chatsopano chinali chowala ngati mbale yotsuka kumene.

Damaris anayang'ana nthawi yaitali. Mtima wake unkayembekezera kudumpha, koma sunadumphe.

"Si iwowo."

"Si ndani?"

"Akufanana nawo, koma si iwowo. Awa ndi mayi wina wabwinobwino amene sindikumudziwa." Anasendera pafupi, akufunafuna poti agwire. "Koma manja mwawakhoza. Manjawa ndiye ndi awo enieni. Mmene ankagwirira tipoti, chala chaching'ono chili panja."

Tapscott anaseka mpaka magalasi apamwamba anatsetsereka. Sanaseke mwankhanza, anangoseka monga amasekera amisiri munthu akayamikira mbali yolakwika.

"Manjawo ndi a Lettice, mwana wanga."

"Mukuti chiyani?"

"Amayi anu ankadana nako kukhala pansi. Anandipatsa nkhope yokha, m'mawa masiku angapo, kwinaku akufunsa ngati mkate sukupserera kunyumba. Zotsalazo anatumiza diresi, n'kutumiza msuweni wawo kuti adzalivale. Chidole changa chinali kwa kalipentala nthawi imeneyo. Mapewa, chiuno, manja, onsewo ndi Lettice. Timatero tonse, musadabwe. Kagalu kajanso kanali ka wophika mikate wa pansipa."

Damaris anatsika masitepe osatsanzika. Zaka zonsezi ankaima pansi pa chithunzicho n'kumayang'ana manja aja, ndipo amayi ake atamwalira ankawalota akumupesa tsitsi. Pa chakudya chamasana anayang'anitsitsa Lettice akugawa nyama yankhosa, ndipo kachala kaja kanali panja, pa mpeni. Zinamunyansa. Lettice anaona kuti akuyang'anidwa ndipo anabisa manja pansi pa tebulo.

"Kodi chithunzi chikuyenda bwanji?" anafunsa motsitsa mawu, a Barnaby atatuluka.

"Bwanji simunandiuze kuti munavala diresi la amayi?"

"Sunandifunse. Komanso linkandithina m'khwapa, sindikonda kulikumbukira." Anayesa kumwetulira, koma sanapeze womulandira. "Damaris, zosintha nkhopezi si ine ndinapempha."

"Koma simunakane."

Lettice anayamba kusonkhanitsa mbale. Anali munthu amene anakhala moyo wake wonse m'nyumba ya eni, ndipo kukana sanakuphunzire.

Kuyambira pamenepo Damaris anasiya kuchikhulupirira chithunzi chakale chija. Ankati, ngati chipinda n'chabodza, munda wabodza, galu wobwereka, manja a wina, nanga nkhopeyo ingakhale yoona bwanji? Mwina Tapscott anaisalaza kuti akondweretse bambo ake. Mwina n'chifukwa chake chokopera chija sichinamugwire mtima, poti chinakopera bodza mokhulupirika. Amayi ake enieni anali m'mutu mwake, ndipo anatsimikiza kuti ndi amenewo amene apite naye ku Hull.

"Pakamwa mwalakwitsa," anamuuza Tapscott m'mawa mwake, asanavule n'komwe chipewa. "Amayi sankamwetulira chonchi."

"Ndakopera zimene zilipo. Yang'anani nokha."

"Zimene zilipozo n'zimene munalakwitsa kalekale. Mlomo wam'munsi unkalowa m'kati pang'ono, akamamvetsera. Chonchi." Analuma mlomo n'kupendeketsa mutu.

Tapscott anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Adona aang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani nacho ku Hull mmene chililimu, chikade pang'ono ndi utsi, mudzawapeza amayi anu alimo."

"Nthawi yodekha ndilibe. Konzani."

Tsono Tapscott, pa zonse zimene ankadzitama nazo, sanakanepo munthu wovala bwino. Moyo wake wonse anafupikitsa mphuno zazitali, anachotsa zipsera za nthomba, anabwezera tsitsi pamitu ya madazi. Anangopukusa mutu n'kutola burashi.

"Bwerezani ndione."

Damaris anabwereza, ndipo mkuluyo anakonza mlomo. Utoto wa mafuta suuma msanga m'nyengo ya chinyezi ngati imeneyo, ndiye kukonza kulikonse kunkafuna kudikira, ndipo kudikira kulikonse kunkamupatsa Damaris mpata woona cholakwika china. Mlomo utakhala bwino, masaya anaoneka onenepa. Masaya ataphwa, nsidze zinakhala kutali ndi maso. Ankabwera m'mawa ndi chimene wakumbukira pogona, n'kuima pafupi ndi zenera, pakati pa Tapscott ndi chithunzi chakale, kuti kuwala kumugwere bwino mkuluyo aone chimene akutanthauza. Amayi akamakayika ankakweza nsidze imodzi, chonchi. Akamabisa kuseka mphuno inkachita makwinya apa. Akamayang'ana munthu ankatsitsa chibwano, chonchi. Mawu ankamuthera, ndiye ankangoonetsa ndi nkhope.

Ndipo Tapscott ankajambula. Munthu amene wakhala zaka makumimakumi akuyang'ana nkhope yopuma n'kuiika pachinsalu, dzanja lake limatsata chamoyo chimene chili patsogolo pake. Poyamba ankasuzumirabe chithunzi chakale kudutsa paphewa la Damaris. Kenako anatopa n'kusuzumira. Tsiku lina Damaris mwini anachitembenuzira kukhoma, ati chikuwasokoneza onse awiri.

Kunja zinthu sizinaime. Telala anabweretsa diresi la Lettice. Anapha nkhumba, anaitanitsa vinyo, azakhali a ku Dereham anafika ndi mabokosi awo ndi chifuwa chawo. A Barnaby ankafunsa pa chakudya chilichonse.

"Kodi Tapscott wamaliza?"

"Watsala pang'ono."

"Dzana unatinso watsala pang'ono. Lettice akuyenera kukakhala kuti amujambule, ndipo utoto uyenera kuuma. Kapena ukufuna alendo adzapite kwawo nkhope ya mkazi wanga ili pa malaya?"

Damaris sankadya. Anaonda, maso analowa m'kati, ndipo azakhali aja ankanong'oneza Lettice kuti mwanayu amufunire mwamuna msanga. Mantha ake anali amodzi, akuti tsiku lidzafika nkhope isanakhale bwino, ndipo adzakwera ngolo ndi mlendo m'bokosi. Akadutsa pa galasi la m'khonde ankaima n'kuyeserera nsidze ija, kuti mawa akaionetse bwino.

Tapscott anachenjezanso kamodzi, ndipo ndimuchitire chilungamo pamenepa. Anaika burashi pansi n'kutikita maso.

"Ine ndikujambula zimene mukundionetsa, mwamva? Titembenuze chakale chija tifananize."

"Kuti mundibwezerenso ku zolakwika zanu? Ayi. Diso lakumanzere lokha basi, likweze pang'ono."

"Chabwino. Chinsalu n'chanu."

Linali Lachinayi, mvula yowaza ikugwa, pamene Damaris anakwera masitepe n'kupeza chithunzi chikumudikira pa kuwala kwa zenera. Anaima chilili. Mayi wa pa mpando wofiira uja anamuyang'ana chibwano chili pansi, nsidze imodzi itakwera, mlomo utalowa m'kati, ndipo Damaris anamva chinthu chimene anachisowa chiyambire. Nkhopeyi ankaidziwa. Ankaidziwa mpaka m'mafupa, kakhwinya kalikonse, mthunzi uliwonse. Anakhala pa mpando wa chidole chija, n'kulira momasuka koyamba chiikireni maliro.

"Ndi amenewa," anatero. "Mwawapeza, a Tapscott. Ndi amenewa."

"Mwakhutira?"

"Ndakhutira."

"Ndiye chakale chija ndiyambepo? Bambo anu atumiza mawu kawiri dzulo. Ndiyenera kupala lero kuti mawa Lettice adzakhale."

"Kupala?"

"Utoto watsopano sugwira pa vanishi wakale. Ukangopaka pamwamba, pakapita zaka nkhope yapansi imayamba kusuzumira, mkazi n'kukhala ndi maso anayi. A Larwood zinawachitikira, funsani aliyense. Ndimapala ndi mwala mpaka pansi."

Damaris anayang'ana kumbuyo kwa chinsalu chakale, matabwa ake ndi fumbi lake. Anaganiza zochitembenuza kuti atsanzike, koma anaopa kuti chimubwezera chikayiko, ndipo anali atatopa nako kukayika. Anapukuta m'maso n'kumanga chipewa.

"Palani," anatero, ndipo anapita kwawo n'kukadya bwino, mpaka azakhali anayamika Mulungu.

M'mawa mwake anapita onse atatu. A Barnaby anati akufuna akaone kuti Tapscott asamukalambitse Lettice, ndipo Lettice anavala kansalu koyera kumutu, akuyenda ngati akupita kukazula dzino. Damaris ankatsogola pa masitepe. Ankafuna bambo ake aone chimene iye wapulumutsa, ndipo pansi pa mtima ankafuna chiwapweteke.

Tapscott anali ataphimba chokoperacho ndi nsalu kuopa fumbi. Damaris anaichotsa yekha n'kuima pambali.

A Barnaby anavala magalasi awo. Anayang'ana iwo eni kumanzere, anayang'ana kamwana ndi kagalu, kenako anafika pakati. Anatembenukira kwa mwana wawo ali ndi nkhope yosokonezeka, yopanda mkwiyo.

"Ndimayesa umafuna amayi ako."

"Ndi amenewo."

"Damaris, uyu ndiwe."

"Bambo, musaseke."

"Sindikuseka. Lettice, taona. Si Damaris uyu?"

Lettice anali atagwira kale pakamwa. Anayang'ana chinsalu, anayang'ana Damaris, ndipo anagwedeza mutu pang'ono kwambiri, ngati akupepesa.

Pakhoma la Tapscott panali galasi lothimbirira limene ankaonetsera anthu mawigi awo. Damaris sanafune kuyang'anamo, koma maso anapita okha. Anaona chibwano chotsika, masaya akuphwa a masabata osadya, nsidze imodzi itakwera chifukwa chokayika. Anabwerera ku chinsalu ndipo anapeza zomwezo, zitavala diresi lobiriwira. Mpake kuti anaidziwa nkhopeyo. Ankaisambitsa m'mawa uliwonse.

Anathamangira kuzenera kumene kunali chithunzi chakale. Chinali chitatembenuzidwa kale, chikudikira Lettice. Zonse zinalipo, tebulo, makapu, munda wabodza, kansalu koyera kakumutu ndi tsitsi lotuluka m'mbali mwake. Pakati pa kansaluko panali dzira lotuwa, losalala bwino, lopanda diso kapena mlomo. Pansi, pa thabwa, panali kafumbi kofiirira kamene Tapscott anali asanasese.

"Munadziwa," anatero Damaris.

"Ndinakufunsani ngati mwakhutira," anatero Tapscott. Koma anavula magalasi onse awiri, n'kuyandikira chokopera chija mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda utoto, ndipo atabwerera m'mbuyo anaoneka wokalamba kuposa dzulo. "Ndinkaona kuti chikusendera kwa inu. Ndinati mwana ndi mayi ake, kufanana kulipo. Sindinadziwe kuti tafika patali chonchi."

"Nanga nkhope yoyamba ija, imene munakopera bwino ija? Ili pansi pa iyi, si choncho?"

"Tinaipukuta pang'onopang'ono, mwana wanga. Mlomo tsiku lina, masaya tsiku lina. Utoto unali usanaume, unkachoka ndi kansanza."

A Barnaby anali atabwera kudzaima patsogolo pa dzira lotuwa lija. Chipewa chinali m'manja ndipo ankachizunguliza. Damaris ankayembekezera kuti akalipa, anene za nthawi yotayika ndi za alendo, ndipo akanakonda atatero.

"Ine ndinavomera chifukwa chokoperacho chinali choti chikakhale ku Hull," anatero mwakachetechete, osayang'ana aliyense. "Ndinati ndikamapita kukagula ubweya kumpoto ndizidzapatukira kwa malume ako. Ndizidzangomuona Philippa pang'ono, n'kumapitirira. M'nyumba muja ndimalephera kumuyang'ana, Damaris. Ndimadyera kukhitchini iwe ukachoka."

Damaris sanadziwe zimenezo. Chisoni chinamugwira, cha iye mwini ndi cha bambo akewo, amene anawayesa mwala chaka chonse.

Ndi Lettice amene anayamba kuchitapo kanthu. Anavula kansalu kake kakumutu, n'kukapinda, n'kukaika m'thumba.

"A Tapscott, ine sindikhala lero. Bwezeranipo Philippa. Tilipo atatu amene tinkamudziwa, inu wachinayi. Tikuuzani."

"Lettice, alendo aja," anayamba a Barnaby.

"Alendo adzayang'ana khoma," anatero Lettice, ndipo kanali koyamba m'moyo wake kukana.

Tapscott sanatsutse. Anavalanso magalasi, anafinyira utoto pa thabwa lake, woyera, wofiira, wachikasu, n'kusakaniza mtundu wa khungu. Anakokera mpando pafupi ndi chithunzi chakale, anasankha burashi yaing'ono n'kuiviika.

"Tiyambe ndi maso. Ine ndajambula maso ochuluka kwambiri chijambulireni amenewo, musadalire ine."

"Anali otuwa," anatero a Barnaby msanga. "Otuwa ngati mtsinje wathu kukachita mitambo."

"Anali obiriwira, a Barnaby," anatero Lettice mofatsa. "N'chifukwa chake anasankha diresi limeneli."

"Ndinakhala naye zaka zonsezi, ndingalephere kudziwa maso ake?"

"Ine ndinakula naye."

"Chabwino, maso tiwasiye kaye," anatero Tapscott. "Mphuno?"

A Barnaby anati inali yowongoka, yaing'ono. Lettice anati inali ndi kalinunda pakati, ka kubanja kwawo. Anagwirizana kuti panali kadontho kakuda pafupi ndi mlomo, koma wina anati kumanja, wina kumanzere, ndipo aliyense atayesa kuloza pa nkhope yake anayamba kukayika. Mawu awo anayamba kuchepa. A Barnaby anakhala pansi pa bokosi la utoto, chipewa chili pa mawondo.

Tapscott anatembenuka, burashi ili m'mwamba.

"Nanga inu, adona aang'ono? Mwakhala mukundiuza masiku onsewa."

Damaris anatsinzina. Anawafunafuna amayi ake kukhitchini, ndipo anawapeza atapereka msana, akukanda ufa. Anawaitana. Anawafuna pa masitepe akutsika ndi nsalu zochapa, anawafuna m'tchalitchi pa benchi lawo, anawafuna pa bedi lija la masiku omaliza. Paliponse anawapeza, mawu awo ankamveka, fungo la sopo wawo linalipo. Koma akangotembenuka kuti amuyang'ane, inkabwera nkhope ya chibwano chotsika ndi nsidze yokwera, imene anaiphunzitsa yekha kwa Tapscott, ndipo kumbuyo kwake kunalibe ina.

"Sindikuwaona," anatero, maso akadali chitsinzinire. "Bambo, sindikuwaonanso."

Tapscott anadikira mpaka utoto wa pa burashi unayamba kulimba, kenako anaipukuta pa kansanza n'kuibwezera m'botolo.